Voisi ya Apongozi Anga pa Gulupu ya Sikimu

Ine ndine wa ku Dedza, ndipo pakamwa panga sipachedwa kutseguka. Amayi anga anandichenjeza ndisanakwatiwe kuti kumpoto uko anthu ndi aulemu, ndikaugwire mlomo. Ndinayesetsa ndithu. Nditafika kwa amuna anga, kumbali ya ku Wovwe, lamulo loyamba lomwe anandiphunzitsa linali la apongozi aamuna, amene kumeneko amati adadavyala. Mkamwana, ndiye kuti ine mkazi wa mwana wawo, sindinayenere kuwayang'ana kumaso, kuwatchula dzina, kapena kukweza mawu pamene iwo ali. Tikakumana panjira ndinkapatuka n'kugwada, nkhope kumbali. Ndikakhala ndi mawu ndinkauza apongozi aakazi, iwo n'kukafikitsa. Mabanja ambiri anazisiya kalekale zimenezi, koma pakhomo pathu ayi. Poyamba zinkandiseketsa, kenaka ndinazolowera, mpaka ndinayamba kuzikonda, chifukwa mkulu uja ankandilemekezanso chimodzimodzi. Akadula nthochi ankandisiyira phava pakhonde osanena kanthu, n'kutsokomola kuti ndidziwe kuti adutsa.

Chuma chawo chonse chinali puloti ya mpunga m'kasikimu kathu. Si sikimu yaikulu yotchuka ija ayi, kathu n'kakang'ono, ka midzi yochepa, kopatutsa madzi mumtsinje ndi ngalande imodzi. Ngalandeyo anaikumba nawo ali mnyamata, ndipo chala chawo chaching'ono chakuphazi chinatsala momwemo, khasu la mnzawo litaphonya. Puloti yawo inali kumchira, kumene madzi amafika pomaliza. Ankalimamo kilombero wonunkhira, wa mbewu yosunga okha. Amuna anga, ntchito itatha ku Kayelekera, anapita ku Joni, ndiye kumunda tinkapita atatu, mkuluyo patsogolo, apongozi aakazi pakati, ine kumbuyo. Ngakhale powokera mbande, iwo ankayambira ngodya iyi, ine ngodya iyo.

Sikimu ili ndi malamulo ake. Madzi amayenda mosinthana, lero buloko iyi ya minda, mawa iyo. Kulambula ngalande ndi ntchito ya aliyense, ndipo wojomba mobwerezabwereza amalandidwa puloti. Wopanda puloti savota posankha komiti. Kale tsiku la ntchito linkalengezedwa ndi munthu wa panjinga, woyenda m'midzi akuliza wezulo. Kenaka kunabwera mafoni, komiti n'kutsegula gulupu, wa njinga uja n'kupuma. Oyang'anira gulupu, amene timati maadimini, anali awiri: wapampando wa komiti, bambo wonenepa wa njinga yamoto, ndi mlembi wake, mnyamata wa sitolo pamsewu. Pakhomo pathu foni yosisita inali yanga yokha, yomwe amuna anga ananditumizira. Choncho nambala yanga ndiyo inaimira puloti ya apongozi.

Sindinama, poyamba gulupu inali yokoma. M'mawa kunkabwera mavesi, masana mitengo ya mpunga ku Chilumba, madzulo nthabwala za Chitumbuka zomwe ndinkamva theka n'kuseka nawo zonse. Kukagwa maliro tinkamva msanga. Munthu aliyense ankalemba zomwe wafuna, agogo osadziwa kulemba n'kumatumiza mavoisi, mawu ojambula aja.

Chaka chimenecho tinawokera mpunga wa chilimwe bwinobwino, madzi n'kuyamba kusowa. Tsiku la buloko yathu likafika tinkakhala pamzere kudikira, kubwera timadzi tonyowetsa fumbi basi. Dothi linayamba kung'aluka, mbande kufiira kunsonga. Apongozi aamuna anatsata ngalande wapansi mpaka kumutu, ndi mwendo wawo wotsimphinawo, ndipo anapeza chomwe aliyense ankachidziwa koma osachinena. Geti ya madzi opita kumchira inali yotsekedwa ndi matumba a mchenga, madzi onse akukhuthukira m'munda watsopano womwe wapampando anatsegula kunja kwa malire a sikimu. Anapita kunyumba kwake mwaulemu, chipewa m'manja. Iye anawauza kuti nkhani zotere zimakambidwa pamsonkhano. Atafunsa kuti msonkhano uliko liti, anati masiku ano misonkhano ndi yotayitsa nthawi, zonse zimakambidwa pa gulupu.

Mawa lake m'mawa apongozi aakazi anabwera kwanga akupukusa mutu.

“Adada anu akufuna ayankhule m'foni mwanu,” anatero.

“Ndiwapatse foniyo?”

“Iii, akuti zala zawo siziyenda pagalasipo. Mugwire ndinu.”

Ndiye tichita bwanji, mwambo ulipo? Tinapeza nzeru. Ine ndinakhala m'nyumba pansi pa windo, msana kukhoma, n'kutulutsa mkono panja chala chili pabatani. Iwo anaimirira panja. Apongozi aakazi anandiuza pambuyo pake kuti mkuluyo anavala jekete ya kutchalitchi ndi kuvula chipewa, ngati kuti anthu a pagulupu akuwaona. Anayamba ndi moni, “Monire mose.” Anapereka ulemu kwa wapampando, kwa komiti, kwa alimi anzawo. Anafotokoza pang'onopang'ono m'Chitumbuka chawo zomwe anaona kumutu kwa ngalande, matumba a mchenga ndi munda watsopano uja. Sanatukwane munthu, sanatchule mawu oti kuba. Anangofunsa kuti, “Maji ghithu ghali nkhu?” Ndiye kuti, madzi athu ali kuti? Anamaliza ndi kuthokoza. Mkono unandiwawa, koma ndinali wokondwa. Zaka zonse zija ndinali ndisanawamvepo akuyankhula nthawi yaitali chonchi pafupi ndi ine, ndipo mawu awo anali okoma, onjenjemera pang'ono.

Gulupu inagwedezeka. Anthu akumchira anaika zala zazikulu zovomera, wina n'kulemba kuti adada anena zoona, wina n'kuwonjezera kuti nayenso matumbawo anawaona. Ine ndinkawerengera apongozi aakazi, iwo n'kumathamangira kukauza amuna awo. Dzuwa lisanafike pamutu, voisi ija inasowa. Pamalo pake panatsala kamzere kotuwa kakuti adimini wachotsa uthengawu. Mayankho a anthu aja nawonso anasowa, limodzilimodzi, ndikuona ndi maso angawa.

Kenaka mlembi analemba uthenga wautali, wosakaniza Chichewa ndi chizungu kuti uopse bwino. Anati gulupu si bwalo la ndale, ndipo poti zisankho za komiti zayandikira, pali anthu ena ofuna kusokoneza mtendere. Anati kuyambira lero olemba pagulupu ndi maadimini okha, ena tizingowerenga. Anati kuli lamulo la boma lokhudza kuipitsa mbiri ya munthu pafoni, ndipo apolisi amatha kutsata nambala mpaka pakhomo. Anamaliza ndi kuti aliyense wotulutsa nkhani za pagulupu kwa anthu osakhalamo adzachotsedwa nayenso. Ndisanamalize kuwerenga kachiwiri, foni inandiuza kuti ndachotsedwa.

Asa! Ndinamanga chitenje n'kulunjika kusitolo kwake. Ndinamupeza akuyeza shuga.

“Achimwene, mwandichotseranji?”

“Mayi, khazikani mtima pansi. Ufulu woyankhula ulipo, koma uli ndi malire.”

“Malire ake ndi matumba a mchenga aja?”

Anamanga pepala la shuga osandiyang'ana. “Ine ndikuthandizeni. Anthu akuti maganizo aja si a mdala uja, ndi anu. Akuti inu akumwera mumakonda kulongolola. Ndipo akufunsanso kuti mkamwana anayandikira bwanji adadavyala ake mpaka kuwajambula mawu. Munali nawo kuti, m'chipinda?”

Anyamata omwe anakhala pabenchi anaphulika kuseka. Ndinafuna kumuthira shuga yemweyo m'maso. Ndinamutukwana mawu omwe sindingalembe pano, ndipo sindinong'oneza bondo, koma ndinabwerera ndikulira njira yonse. Nthabwala yonyansayo inafika m'mudzi ine ndisanafike. Apongozi aakazi anaimva pamjigo, ndipo sanauze amuna awo, koma ndikukhulupirira kuti mkuluyo anaimva ndithu, poti kutchalitchi anayamba kukhala benchi yakumbuyo.

Tsopano apa ndi pamene anatipha. Ntchito ya ngalande inkagwiridwa Loweruka kuyambira kalekale. Mwadzidzidzi inayamba kusinthasintha, lero Lachiwiri, sabata ya mawa Lachinayi, uthenga n'kumabwera pagulupu nthawi zambiri m'mawa wa tsiku lomwelo. Ife nyumba yathu ili kutali ndi minda, kutsidya kwa msewu. Tinkangomva madzulo kuti anthu alambula. Ndinapempha anansi kuti azitiuza. Ankayankha kuti eya, koma ukawayang'ana m'maso umaona kuti sadzatero. Mayi wina wa buloko yathu, mnzanga wa kumvano, anandinong'oneza pamjigo kuti mawa tikalambula kumlatho. Tinalawirira atatu ndi makasu ndi zikwakwa, n'kupeza kulibe munthu. Uthenga wina unali utabwera woti ntchito yasamukira kumutu kwa ngalande. Mnzanga uja kuchokera tsiku limenelo ankandilambalala ngati ndili ndi mphere, poti wina anamuona akundinong'oneza.

Apongozi aamuna anaganiza zawo. Anati ngati sandiuza tsiku, ndizipita masiku onse. M'mawa uliwonse ankanyamula khasu n'kukalambula okha chigawo cha kumchira, ngalande youma, yopanda ndi dontho lomwe. Ankazula udzu, kuchotsa mchenga, kukonza m'mbali, mpaka inasalala ngati pabwalo. Ine ndinkawatsatira chapatali ndi botolo la madzi akumwa, n'kulisiya pamzere, iwo n'kudzalitenga ine nditachoka. Ndinkawaona akuwerama ndi kuweramuka padzuwa la Karonga lija, mtima n'kumandiwawa. Ngalande ndi yaitali, ndipo anzawo nthawi zonse ankapezeka kuti ali kwina.

Msonkhano womwe ankati ndi wotayitsa nthawi unaitanidwa tsopano. Ha, ulendo uno anapeza munthu womutuma pakhomo pathu! Anabwera panjinga, ulemu wake wonse, kuti adada akufunika kushedi yosungira mpunga. Tinapeza anthu adzaza, abambo pamabenchi, amayi pansi. Ine ndinakhala kumbuyo kwenikweni, nkhope kumbali monga mwa nthawi zonse.

Wapampando anayamba ndi pemphero. Kenaka anayankhula zokoma za umodzi ndi chitukuko, n'kufika pa nkhani ya ojomba. Anati zikumupweteka mtima, poti mdala uyu ndi kholo la sikimu, koma lamulo silisankha nkhope. Anayankhula m'Chichewa, ati kuti alendo amve, ndipo mlendo pamenepo ndinali ine ndekha.

Apongozi anaimirira, chipewa m'manja. Anati iwo sanajombe, sanauzidwe. Anati ngalande ya kumchira alambula okha, aliyense akhoza kukaona.

“Ntchito yomwe komiti sinaione si ntchito, adada,” anayankha wapampando. “Masiku onse tinalengeza pagulupu. Alipo pano amene sanaone uthenga?”

Anthu omwe aja anaika zala zazikulu anali kuyang'ana zala zakumapazi kwawo. Mnzanga wa kumvano ankasewera ndi mphonje ya chitenje. Ndinadikira kuti mwina bambo mmodzi, mmodzi yekha, atsokomole. Palibe.

Ndinangozindikira ndaimirira. Ndinati, “Inu anthu, manyazi mulibe? Tikanauona bwanji uthenga mutatichotsa? Munachotsa mawu awo, munachotsa nambala yanga, munaopseza aliyense wotiuza, lero mukufunsa kuti sanaone ndani? Funso lawo simunayankhe mpaka pano. Madzi ali kuti?”

Ndinkaganiza kuti akwiya. Ayi, anaseka. Bambo wina anakuwa m'Chitumbuka kuti taonani mkamwana akulalata pamaso pa adadavyala ake, wina n'kuponya nthabwala ya m'chipinda ija, shedi yonse n'kugwa nayo. Wapampando sanavutike n'kundiyankha, anangotambasula manja ngati akuti mwadzionera nokha. Pamenepo ndinachita chomwe ndinali ndisanachitepo, ndinawayang'ana apongozi anga kumaso. Anawerama n'kunong'oneza akazi awo, ndipo apongozi aakazi anadutsa pakati pa anthu mpaka pomwe ndinaima.

“Adada anu akuti mukhale pansi.”

Ndinakhala pansi. Mpaka lero sindidziwa ngati ananditsitsa chifukwa cha manyazi awo kapena pofuna kunditchinjiriza ku chipongwe chija, ndipo sindikanatha kuwafunsa.

Anavota zolanda puloti ija mokweza manja. Mlembi anaimirira kutsogolo ndi foni yake akujambula zithunzi, ati kuti pagulupu anthu aone kuti zonse zayenda mwa demokalase. Munthu ungatsitse dzanja kamera ikukuyang'ana, puloti yako ili pa ngalande yomweyo? Manja anakwera, ena msanga, ena mochedwa ngati akudwala phewa, koma anakwera onse. Puloti inalandidwa ndi mpunga wake womwe, wofiirawo. Inaperekedwa kwa mlamu wake wa wapampando. Sabata isanathe matumba a mchenga anachotsedwa, madzi n'kuyenda bwinobwino m'ngalande yomwe apongozi anga anasalaza ndi manja awo. Mpunga uja unatsitsimuka, mbewu yawo yomweyo. Zisankho zitafika komiti yonse inabwereramo popanda wopikisana nayo.

Ndinaimbira amuna anga. Anakalipa pafoni, anati abwera adzathane nazo, koma mapepala awo kumeneko anali osalongosoka, akanatuluka sakanabwereranso. Ndinafuna kupita kuboma kukadandaula, apongozi aakazi n'kundigwira dzanja kuti mwana wanga, taseketsa kokwanira.

Kwa masiku ambiri sindinamve kutsokomola pakhonde panga. Ndinkati basi, mkulu uja wandida. Tsiku lina ndikuchokera kumjigo ndinapeza phava la nthochi pamalo pake pomwe paja. Ndinakhala pansi n'kulira ngati mwana, ndowa yomwe inali pamutu sindikudziwa kuti ndinaitula bwanji. Limenelo linali lomaliza. Anasiya kudya bwino, anasiya kupita kutchalitchi. M'mawa ankavalabe nsapato zakumunda n'kuyenda mpaka pamsewu, pomwe minda imaonekera, kuimirira pamenepo kenaka n'kubwerera. Nthawi yomweta, fungo la kilombero linkafika mpaka kunyumba. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa.

M'mawa wa maliro, ndili m'nyumba ya siwa pakati pa amayi, foni inanjenjemera m'chitenje. Ndabwezedwa pagulupu. Mlembi analemba kuti, mayi pepani kwambiri, tatsegula gulupu lero kuti anthu apepese, tiuzeni dongosolo la mwambo. Pamwamba anaika chithunzi cha malemu. Ndinachiyang'ana bwino, magazi n'kundiwira. Chinali cha tsiku la kushedi lija, ataimirira chipewa m'manja, anangodula anthu a m'mbali. Pansi pake panali tinkhope tolira tambirimbiri. Wapampando analemba kuti sikimu yataya kholo, munthu wofatsa, wosayambana ndi aliyense, wosadziwa kudandaula.

Wosadziwa kudandaula! Ndinalemba dongosolo monga anapemphera, nthawi ya mapemphero ndi nthawi yonyamuka. Kenaka ndinafufuza m'foni mwanga, momwe voisi ija inali ikadali, poti ndinaisunga padera isanachotsedwe, n'kuitumiza.

Mafoni analira m'zitenje za amayi m'nyumba monse. Mnzanga wa kumvano uja, yemwe anakhala pafupi ndi bokosi, anadina osadziwa kuti n'chiyani, foni yake ili yokweza. “Monire mose,” anatero apongozi anga, m'chipinda momwe anagonamo. Nyimbo inaduka. Apongozi aakazi anadzutsa mutu n'kuyang'ana kukhomo, ngati kuti alowa. Mawu anapitirira, akupereka ulemu kwa wapampando, kwa komiti, kwa alimi anzawo. Asanafike pa funso lija, mnzangayo anaizimitsa n'kuikhalira. Mayi wina anayambitsa nyimbo mokweza, onse n'kulandira.

Nditayang'ana pafoni panga, kamzere kotuwa kaja kanali katafika kale. Bokosi lisanatuluke m'nyumba ndinali nditachotsedwanso. Wapampando anayankhula pabwalo m'malo mwa sikimu, anapukuta maso ndi kansalu, anthu n'kumavomera ndi mitu.

Njira ya kumanda imadutsa kumchira kwa ngalande, pambali pa puloti ija. Tinapeza madzi adzaza mpaka m'milomo, akusefukira panjira. Onyamula bokosi anaima kaye n'kuvula nsapato kuti awoloke.